Matumba Awiri pa Mpando wa Kutsogolo

Tabwerani kuno ana inu, musiye kaye mafoniwo. Iwe Tadala, galimotoyo waijambula mokwanira, ingachite manyazi. Zaka zonsezi mumaitcha chiphapha, mukabwera kutchuthi mumakana kukweramo kuopa kuti anzanu akusekani. Lero poti anthu a ndalama ku Blantyre ayamba kupita ku ukwati pa magalimoto akale, basi chiphapha chija chasanduka ulemu, ndipo wanenetsa kuti pa ukwati wako mwezi wamawa sukwera ina koma iyi. Chabwino. Inenso ndine wakale, mwina tsiku lina mudzayamba kundijambula.

Koma chomwe ndakuitanirani ndi bambo anu. Fulanki wati mawa m'mawa aitenga galimotoyi kupita nayo ku Limbe, akaiike pa makina a kompyuta, akasinthe masipuling'i a kutsogolo, akawongole matayala. Akuti imakokera kumanja. Akutinso matumba awiri a mpunga omwe amakhala pa mpando wa kutsogolowo ndi chitonzo pa banja lathu. Mwamumva nokha dzulo: "Adadi, zinthu zinasintha, masiku ano sitikonza galimoto ndi chingwe." Adadi! Mwana wobadwira pano pansi pa Michesi, wokula ndi makaka ndi kalongonda, lero wandisandutsa Adadi chifukwa ali ndi ofesi yokhala ndi fani.

Kukokera kumanjako sakunama ayi. Lachisanu lija anaitenga ine ndili kudimba, n'kutsitsa matumba aja, n'kukhazikapo mayi anu. Mayi anuwo, pepani, ndi munthu wabwino, koma amadya masamba osaphika ndipo mphepo ya Chiperoni ikhoza kuwanyamula. Atangofika pa Migowi galimoto inaoloka msewu yokha, pang'ono n'kuomba wakabaza yemwe ananyamula mbuzi. Wakabazayo anagwera m'matimati a eni, mbuzi inathawira kuseri kwa chigayo, ndipo msika wonse unayimba m'manja. Ndiye bambo anu akuti galimoto ndi yodwala. Makiyi ali m'thumba mwangamu, ndipo satuluka mpaka mutamva chomwe imakokera kumanja.

Ine umakaniko sindinauphunzire m'buku. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito m'galaja ya pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, pansi pa mkulu wina yemwe ankamva vuto la galimoto ikadali kuseri kwa phiri. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kuwongola matayala. Umatenga ulusi wa ukonde, uja asodzi a ku Chilwa amasokera maukonde awo, n'kuumanga ku tayala la kumbuyo, n'kuukoka mpaka kutsogolo. Kenako umatenga kamtengo ka machesi n'kuyeza mpata wa pakati pa ulusi ndi tayala. Likaloza mkati kwambiri kapena kunja, umalowa pansi n'kupotoza kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, kaja timati tayirodi. Pang'onopang'ono, osati ngati ukupota khosi la nkhuku. Ukatha umapita pa msewu wowongoka wa mabulugamu, n'kusiya chiwongolero. Ukadutsa mitengo khumi galimoto isanapatuke, ntchito wakhoza. Ikapatuka pa mtengo wachitatu, mkulu uja ankakukhoma ndi sipanala pa phewa, ndipo satifiketi yako inali imeneyo.

Galimoto iyi ndinaigula kwa wansembe wina wachizungu yemwe ankabwerera kwawo. Anali munthu woonda, woyenda yekha, ndipo inkayenda molunjika bwinobwino. Nthawi imeneyo Phalombe yense magalimoto unkatha kuwawerenga pa zala. Anthu ankapita ku Chilwa wapansi, dengu la matemba pamutu, kuchoka tambala woyamba kukafika dzuwa lili paliwombo. Osati inu a lero, mukuti kupita pa golosale pomwepa mpaka muitane njinga yamoto.

Tsiku loyamba ndinati ndiwatenge agogo anu aakazi, a Esinala, tikaone munda wawo wa mpunga ku dambo la Chilwa. Chisomo, iwe unali wamng'ono pomwe tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo, ndipo unawaona ataonda kale ndi matenda. Sunawaone a Esinala enieni. Anali mkazi, ana inu! Akalowa m'tchalitchi benchi inkadziwa kuti kwabwera munthu. Masiku amenewo mkazi akanenepa, ulemu unkapita kwa mwamuna, anthu ankati uyu akusunga bwino. Ine ndinkayenda pa Migowi mapewa ali m'mwamba. Ndipo Fulanki atabadwa, ulemu wanga unawonjezekera ndithu.

Tsiku limenelo agogo anu anakwera, anakhala kumanzere kwanga, galimoto inati tswii, n'kupendekeka pang'ono. Ine osalabadira. Tisanafike n'komwe pa mlatho woyamba, ndinangoona chiwongolero chikundilanda, galimoto ikulowera kumanzere. Ndikoke, iyo ikane. Ndikoke, iyo ikane. Mapeto ake tinakaima bwinobwino pakati pa munda wa nandolo wa munthu wina, mwini wake ali chilili ndi khasu. Kuyambira tsiku limenelo anthu anaipatsa dzina loti Nkhanu, poti inkayenda cham'mbali.

Ndiye panabwera akatswiri. Alamu anga, achimwene awo a agogo anu, omwe anali mwini mbumba pano, anati ndi nsanje ya anthu, n'kubweretsa sing'anga yemwe anamangirira kanyanga pansi pa injini n'kudya nkhuku yathu. Mkulu wa mpingo anati ndi chifukwa chogula katundu wa chipembedzo china, anaipempherera atagwira boneti yotentha mpaka anapsa dzanja. Aphunzitsi aakulu a pa sukulu, munthu wochokera ku Mpoto wodziwa zambiri, anati ndi mphamvu ya miyala ya m'phiri la Michesi imene imakoka zitsulo. Wina yemwe ankafuna mavoti anaima pa msika n'kunena kuti vuto ndi msewu, ndipo akapambana aukonza. Anapambana. Msewu wa kumudzi kuno mwauona nokha pobwera.

Ine ndinali nditadziwa kale. Ndikayenda ndekha, mabulugamu khumi ndinkadutsa manja ali m'thumba. Akakwera agogo anu, mtengo wachiwiri sindinkafika. Sipuling'i ya kumanzere inkagonja, tayala n'kupendama, galimoto n'kutsatira komwe kuli kulemera. Vuto lake linali losavuta. Chovuta chinali pakamwa panga.

Inu ana a m'tauni simudziwa chikamwini. Ine pano si kwathu. Mudzi uno ndi wa agogo anu aakazi, nthaka iyi ndi yawo, mango mukudyawa ndi a amayi awo. Ine ndinabwera ndi bulangete limodzi ndi bokosi la masipanala. Ndiye mkamwini aime pabwalo, pamaso pa apongozi ndi alamu, anene kuti, "Mwana wanuyu akupinda galimoto yanga"? Ha! Dzuwa lisanalowe bulangete lija likanakhala lili pa msewu, ine pambuyo pake. Komanso ndikuuzeni zoona, si mantha okha. Ndinkawakonda. Tsiku lija m'munda wa nandolo, anthu akuseka, ndinawaona akukoka chitenje kubisa mikono yawo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti mawu amenewo sadzatuluka pakamwa panga.

Ndiye ndinachita chomwe makaniko wanzeru amachita akalephera kusintha katundu: ndinasintha galimoto. Ndinapeza tayala lakutha la thirakitala, n'kudulako mphira yozungulira, yokhuthala ngati chikhatho. Ndinakweza galimoto pa jeke, n'kuika mphira ija pamwamba pa sipuling'i ya kumanzere kuti mbali imeneyo ikwere. Koma kuwongola matayala kumafuna kuti galimoto ikhale pansi, itanyamula chomwe imanyamula masiku onse. Ndikanawauza bwanji agogo anu kuti akhale pampando ndiwayeze?

Ndinati, "Mayi a Fulanki, tandithandizani. Ndikulowa pansi pa galimoto. Mukhale apa mugwire buleki ya pamanja, mukaisiya indipondereza."

Iwo anati, "Bwanji osangoika mwala ku tayala?"

Ndinati, "Mwala ulibe chisoni ndi ine. Inu ndiye ndimakudalirani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga lichero la nandolo, n'kukwera. Dzanja limodzi pa buleki, lina likusola nandolo, uku akundiuza nkhani za kumpingo, ine ndili chagada m'fumbi ndi ulusi wanga ndi kamtengo ka machesi. Madzulo ake tinapita ku mabulugamu. Khumi ndi iwiri, ana inu! Ndinasiya chiwongolero mpaka mitengo khumi ndi iwiri. Alamu anga anati mankhwala a sing'anga agwira ntchito, mkulu wa mpingo anakachitira umboni Lamulungu, ndipo ine ndinawayamika onse awiri.

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito ya chaka ndi chaka. Tikakolola, mpunga ukalowa m'nyumba, ndinkaitana mlonda wanga wa buleki. Zaka zina kunkangofunika kupotoza tayirodi pang'ono. Koma zaka zina zokolola zinkakhala zabwino, matemba ambiri, nsinjiro zosasowa, ndipo ndinkaona kuti mtengo wachisanu ndi chiwiri wayamba kundivuta. Pamenepo ndinkapita mwakachetechete kukafuna tayala lina la thirakitala. Akandifunsa kuti galimoto yatani, ndinkati, "Ndi msewu uwu mayi, boma silikuukonza." Boma ndalinamizira zambiri pa moyo wanga, koma poti nalonso linkatinamiza, tinkangobwezerana.

Mphira zinafika zinayi. Ndipo poti galimoto inali itawongoledwa kuti iziyenda ndi anthu awiri, ndekha sindinkatha kuyenda nayo, inkathawira kumanja. Choncho kulikonse ndinkapita nawo. Kumaliro, limodzi. Kukagula mabawuti ku Limbe, limodzi. Kunyamula odwala, kunyamula matumba a nandolo a anthu kupita ku Migowi, limodzi. Azibambo anzanga ankati ndinadyetsedwa khuzumule. Amayi a kumpingo ankauza amuna awo kuti, "Taonani anzanu, sasiya mkazi pakhomo." Ndinasokoneza mabanja ambiri ine chifukwa cha sipuling'i imodzi. Ndipo mowa ndinasiya osafuna, poti ungaime bwanji pa malo omwera uli ndi mlembi wa amayi a mpingo pa mpando wa kutsogolo?

Musaseke kwambiri, Chisomo, ungatsamwe ndi mango. Zaka zimenezo ndizo zinali zokoma pa moyo wanga. Msewu wa ku Chilwa tinkaudziwa dzenje lililonse. Tisanafike pa bampu agogo anu ankayamba okha kugwira chitseko n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono bambo, mwanyamula mazira." M'basiketi munkakhala chinangwa chophika ndi botolo la thobwa. Lero mumayenda maola atatu m'galimoto imodzi osalankhulana, aliyense khosi lili pa foni.

Kenako agogo anu anayamba kudwala. Poyamba tinkati ndi malungo, kenako tinayamba kupita ku chipatala mwezi ndi mwezi. Zovala zinayamba kuwakulira. Chitenje chomwe kale chinkangokwana chinayamba kuzungulira kawiri. Ine ndinkawauza kuti mukuoneka bwino lero, ana ankawauza kuti mukuchira, adokotala ankalankhula Chingerezi. Tonse tinkanama. Yemwe anakana kunama ndi galimoto iyi. Inayamba kukokera kumanja, pang'ono pokha poyamba, kenako mwezi uliwonse mochulukirapo. Sikelo ya ku chipatala sindinkaiyang'ana n'komwe. Mikono yanga inkandiuza zonse tisanafike pa Migowi.

Tsiku lina tikubwerera, dzuwa likuswa mtengo, ndinali nditagwira chiwongolero ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Fulanki, mukulimbana nacho chiyani chiwongolerocho?"

Ndinati, "Ndi msewu uwu mayi, boma…"

Anati, "Lisiyeni boma lipume. Kachotseni mphira ziwiri. Ndachepa."

Ndinaponda buleki pakati pa msewu. Ndinati, "Mphira ziti?"

Anati, "Zinayi zija. Yoyamba Fulanki ali kumsana. Yachiwiri chaka chomwe tinakolola mpunga mpaka kusowa poika. Yachitatu nditasiya kupita kumunda chifukwa cha bondo. Yachinayi ndiye sindikudziwa, mwina munangondiwonjezera mwa nkhanza." Anaseka mpaka kutsokomola. "Mumandiyesa chitsiru, eti? Buleki ya pamanja ija inaduka waya Fulanki asanayambe sukulu. Ndinkagwira chitsulo chopanda ntchito zaka zonsezi."

Ndinati, "Nanga bwanji simunanene?"

Anati, "Inu bwanji simunanene? Ndinaona mwamuna akugona m'fumbi tsiku lonse kuti ine ndisachite manyazi. Ndikanamudzutsiranji?"

Ana inu, ndinalira. Sindikubisirani. Nkhalamba yonse ine, pakati pa msewu, anyamata a njinga akuimba mabelu kumbuyo, ndinalira ngati mwana wolandidwa chinangwa. Ndinawauza kuti sindichotsa kanthu, muchira, mubwerera m'malo mwanu, ndipo mwina tidzafuna yachisanu.

Iwo anati, "Zisiyeni tsono, poti ndinu wamakani. Koma musadzaphe nazo ana a eni pa msewu. Ndipo tsiku lomwe pampando pano padzakhale mkazi wina, mudzazichotse ndi manja anu, osati kupatsa anyamata."

Ndinati, "Sipadzakhala mkazi wina."

Anati, "Sindikunena wanu inu. Angakufuneni ndani ndi mano awiriwo?"

Sanathe miyezi itatu. Titabwera ku manda, sabata yotsatira ndinati ndipite ku Migowi, galimoto inakana kutuluka bwino pa geti pomwepa, inakakhula mpanda wa kumanja uwo, chipsera mukuchiona. Ndiye ndinakatenga mpunga wa m'munda wawo wa ku Chilwa. Thumba limodzi linachepa. Awiri odzaza anapitirira pang'ono, ndinachotsako mbale zisanu, kuopa kuti angandimve kumene aliko n'kukwiya. Ndinafunditsa matumbawo chitenje chawo, n'kupita ku mabulugamu. Mitengo khumi ndi iwiri.

Anthu alankhula, ndikudziwa. Pa Migowi amati nkhalamba ija inakwatira mpunga. Wapolisi wina pa msewu anasuzumira n'kufunsa kuti, "Madala, katundu bwanji kutsogolo pomwe kumbuyo kuli malo?" Ndinamuuza kuti katunduyu amachita chizungulire akakhala kumbuyo. Anankafumbwe akalowa ndimasintha mpunga, wakalewo ndi umene mumadya mukabwera kutchuthi, ndipo simunadandaulepo.

Tsopano mundiuze, makina a ku Limbe akadziwa chiyani pa zonsezi? Ndinawaonapo ine. Amaikweza galimoto pa simenti yosalala, mulibe munthu, mulibe nkhuku, mulibe thumba, n'kumayang'ana manambala pa galasi. Galimoto yopanda munthu imapita kuti? Ndipo ndikudziwa chomwe chikachitike. Mnyamata wa ovolosi yoyera akasuzumira pansi, akaona mphira zinayi za thirakitala, akaitana anzake kuti, "Tabwerani mudzaone za kumudzi!" Akaseka, akajambula, n'kuziponya m'bini pamodzi ndi mabotolo a oyilo. Zaka makumi anayi za banja langa, m'bini ku Limbe. Ayi, Fulanki andikhululukire. Ndili moyo, zimenezo sizichitika.

Koma pa chinthu chimodzi bambo anu akunena zoona, ngakhale musakamuuze kuti ndavomera. Wakabaza uja akanafa. Ndipo agogo anu anandiuza kale za ana a eni. Usiku wa Lachisanu sindinagone bwino, ndipo m'mawa mwake ndinakatsegula bokosi la masipanala. Ulusi uja ulipo, jeke alipo, machesi ndagula.

Tadala, bambo ako akuti mkwatibwi amakhala kumbuyo. M'magalimoto a ku Blantyre mwina. Muno kumbuyo kumakhala nkhuku ndi nandolo, mkazi wolemekezeka amakhala kutsogolo. Ndiye ndichotsa mphira zija lero, ndi manja anga, monga anandiuzira. Ndikatsitsa jeke ukwere, ukhale pamenepo, ugwire buleki ya pamanja. Inde, ndi yoduka, ndikudziwa. Uigwirebe. Ine ndilowa pansi ndi ulusi wanga, ndiiwongole kuti iziyenda ndi iwe. Ukatero tipita ku mabulugamu, bambo ako akhale kumbuyo aziwerenga mitengo, poti ndiye wophunzira.

Mphirazo zikatuluka musataye. Zitatu ukampatse mnyamata wako uja, umuuze kuti agogo ati asunge, zaka zikubwerazi azidzazifuna, ndipo tsiku lomwe adzazifune adzatseke pakamwa n'kulowa pansi pa galimoto. Akafunsa zambiri umutumize kwa ine. Yoyamba ija, ya chaka chomwe bambo ako anali kumsana, ndisunga ndekha.

Chisomo, kaitane bambo ako m'nyumbamo, umuuze avule wotchi ndi nsapato zosongokazo. Abwere adzatsitse matumbawa. Chitenjecho mundipatse ine, musachigwetse pansi. Ayi, musandiyang'ane choncho, mphamvu ndili nazo, thumba la mpunga ndimanyamula ndekha mpaka lero. Koma awa ndinayesa m'mawa muja, kawiri konse. Ndinatsegula chitseko, ndinagwira, manja anakana.